Osadina Kabedi Uli Maso

1. Mawu a a Rivesi

Tsiku limene amuna anga analembedwa ntchito yoyendetsa thiraki, malume awo anatichenjeza, ife tonse n'kuwaseka.

Malumewo anthu amawatcha a Rivesi, chifukwa nkhani iliyonse amaibweza m'mbuyo mpaka ikafike pa masiku amene iwo ankayendetsa. Chiwongolero anachisiya kalekale. Masiku ano amamata matayala m'kashedi ka malata pafupi ndi pomwetsera mafuta.

Tinali titadzaza m'kachipinda kathu kamodzi kaja. Panali ine ndi mwana wathu wamkazi, amene timamutcha Kachiwala chifukwa cha timiyendo take tosakhazikika. Panali anthu oyandikana nawo nyumba, ena atakhalira ndowa zozondotsa. Panalinso mnzawo wa amuna anga, amene anaphunzira naye limodzi kuyendetsa ndipo analembedwa naye tsiku lomwelo. Ameneyo ndi Wailesi. Pakamwa pake sipatsekeka.

A Rivesi anadikira kuti tiyi athiridwe, kenako anagogoda kapu ndi supuni.

"Mphwanga, ndimvere. M'thirakimo, pamwamba pa chiwongolero, muli kamakina kolowetsamo khadi lako. Kali ndi tizithunzi titatu. Kachiwongolero kamayaka kokha ukamayendetsa. Kawotchi umadina ukakhala pa ntchito koma ukudikira, kaya ndi pageti, kaya pamzere, kaya pasikelo. Kabedi umadina ukagona. Tsono kuntchitoko akakuuza kuti ukafika pamzere uzidina kabedi. Akanena mokoma, ngati akukuthandiza. Usalole. Kudikira ndi ntchito. Munthu wa pamzere savula nsapato, sangachoke kukaona mkazi wake, sangatseke maso. Ukadina kabedi uli maso wadzibera kawiri. Wataya malipiro a maola amenewo, watayanso tulo, chifukwa makina akanena kuti wagona palibe adzakupatsenso nthawi yogona. Ukafika pageti, dina kawotchi, mlonda akulembere nthawi papepala la katundu. Ndipo kumbuka, zikadzavuta makina sadzatchula amene anakuuza. Adzatchula chala chako."

Wailesi anafunsa ngati nthawi ya malume mathiraki anali ndi makina, kapena ankangoyang'ana dzuwa. Anthu anafa nacho chiseko. Amuna anga anati amva, koma maso awo anali pa yunifolomu yatsopano imene ndinaipachika pamsomali. Maso anga nawo anali pomwepo.

A Rivesi anamaliza tiyi wawo, natsanzika.

2. Mwendo wakumanzere

Pakampanipo dalaivala watsopano amayamba ndi nthawi yoyeserera. Malipiro a pamwezi ndi ochepa. Chimene chimadyetsa banja ndi maulendo, ndipo wogawa maulendo ndi bambo wina wa mawu ofewa amene madalaivala amamutcha a Mawa. Ukawafunsa za tchuthi, za matayala otha, za malipiro odikira, yankho lawo ndi limodzi lomwelo.

Sabata yoyamba, a Mawa anatsamira chitseko cha thiraki n'kuwalongosolera amuna anga mmene anzawo amachitira. Ukadina kawotchi, maola a pamzere amawerengedwa ngati ntchito, ndiye ukamaliza kupakira lamulo limati ugone kaye. Ulendo umachedwa, mwina n'kupatsidwa wina. Koma ukadina kabedi, ukangopakira ndi ulendo pompo. Mzere ukayenda, umasuntha pang'ono chabe n'kuima msanga, makina asanazindikire kuti matayala agudubuzika. Kabedi kamakhalabe koyaka. Zonsezi ananena pakamwa. Panalibe pepala.

Maulendo anachulukadi. Tinagula matiresi. Eni nyumba anayamba kundipatsa moni woyamba ndi iwo.

Koma ine ndine munthu wa mantha, ndipo maso anga sakhala pamodzi. Ndinaona tsiku limene anathira mchere mu tiyi n'kumwa theka osazindikira. Ndinaona tsiku limene anagona chokhala, nsapato imodzi ili kuphazi, ina ili m'manja. Ndinasiya kuwapatsa Kachiwala kuti amunyamule ataimirira.

Chimene chinandiopsa kwambiri ndi mwendo. Lamulungu lina masana anagona pamatiresi atsopanowo, ine ndikusita. Pasanapite nthawi mwendo wawo wakumanzere unadzuka wokha n'kuponda khoma ngati kilachi, dzanja likufunafuna giya pabulangeti. Kenako unatsika. Patapita kanthawi unadzukanso.

"Mzere wayenda," anatero ali m'tulo.

Atadzuka ndinawauza. Anaseka, nati ndipirire mpaka nthawi yoyeserera ithe, pambuyo pake azidina kawotchi ngati mfumu. Anatinso amene anayesa kudina kawotchi asanakhazikitsidwe, lero akungokhala pabenchi la kudepoti kudikira ulendo umene subwera.

3. Pamzere wa simenti

Lachinayi m'mawa anandiimbira foni. Anali pamzere wa kufakitale ya simenti, kumapeto kwa tawuni yathu yomweyi, chifikireni dzulo lake m'mawa. Akangopakira, anati, anyamuka ulendo wautali wa usiku wonse. Anapempha chakudya cha kunyumba.

Ndinaphika mpunga ndi nyemba, ndinaika m'kontena yathu yobiriwira, ndinabereka mwana n'kukwera minibasi.

Mzere umenewo ndinali ndisanauonepo. Mathiraki anandandalika m'mbali mwa mpanda mpaka kukhota pakona, mphuno ya ina pafupi ndi msana wa inzake. Mainjini onse anali akulira. Fumbi loyera linali paliponse, pamasamba, pamagalasi, m'nsidze za anthu. Geti likatseguka thiraki imodzi inkalowa, ndipo mzere wonse unkasuntha malo a thiraki imodzi. Wochedwa kusuntha ankamuimbira hutala, ndipo akachedwabe, wina ankamudumpha.

Pansi pa mpanda panali mayi wina wachikulire wogulitsa tiyi ndi buledi. Ndi amene anandilozera thiraki ya amuna anga. Anati onse amawadziwa, ndipo wanga ndi uja wosiya chenji.

Kumbuyo kwenikweni kwa amuna anga kunali Wailesi, m'thiraki ya kampani yomweyo. Iye katundu wake anali wongokatula kudepoti, m'tawuni momwemo.

Ndinakwera movutika, mwana ali kumsana. Amuna anga anamwetulira, koma maso anali ofiira ngati athiridwa tsabola. Pamwamba pa chiwongolero panali kamakina kaja, ndipo kabedi kobiriwira kanali koyaka. Ndinacheuka. Kuseri kwa mipando kuli bedi lenileni. Bulangeti limene ndinawapindira Lolemba linali chipindire, fumbi la simenti litakhala pamwamba pake. Pakona ya bulangetilo panali chingwe chokokera ndi botolo la oyilo.

Anadya msanga poyamba. Kenako supuni inaima pakati pa kontena ndi pakamwa, maso ali chitsegulire. Ndinawagwira bondo. Anadzidzimuka n'kupitiriza kutafuna ngati palibe chachitika.

Ndinawapempha kuti agone ngakhale pang'ono, ine ndiziyang'ana mzere. Anati geti latsala pafupi, akadumphidwa pano ndiye ayambirenso kumchira.

Ndinatenga kontena kuti ndikatsuke kwa mayi wa tiyi, ndiwabweretserenso tiyi wamphamvu. Mayiyo anali mbali ya kumpanda. Kuzungulira thiraki yonse kunali kutali, ndiye ndinadutsa pampata wa pakati pa mphuno ya thiraki yathu ndi msana wa ngolo ya kutsogolo. Mpatawo unali wokwana munthu wotambasula manja.

Ndisanalowe pampatapo Wailesi anandiona. Anatulutsa mutu pawindo, naliza hutala kawiri mondipatsa moni.

"Alamu, mwabweretsa cha mmodzi yekha?"

Ndinali kale pakati. Ndinamva mpweya wa mabuleki ukufwetuka, kenako chitsulo chotentha chinandikhudza paphewa. Ndinayang'ana m'mwamba. Amuna anga anali atagwira chiwongolero, maso ali kutsogolo, koma sankandiona. Anamva hutala ali m'tulo, mwendo n'kuchita zimene unazolowera.

Chimene chinandichotsa pamenepo ndi dzanja la mayi wa tiyi, limene linagwira mfundo ya mbereko pachifuwa panga n'kundikoka ngati thumba. Tonse tinagwera m'ngalande youma. Kontena inapulumuka m'manja mwanga, inatsakamira pachitsulo cha ngolo ya kutsogolo, ndipo thiraki inaiphwanya. Kenako inaima.

Kachiwala anakhala chete kaye, kenako analira. Kulira kumeneko sindinakukondepo ngati tsiku limenelo.

4. Chala

Amuna anga anatsika, anakhala pafumbi. Anamugwira mwana mutu, manja, timiyendo. Anandigwira phewa. Kenako anakwawa n'kukatola kontena ija. Inali itaphwatalala ngati mbale.

Madalaivala anasonkhana. Wina anati palibe wavulala, tithokoze, mzere usaime. Wailesi anaima kumbuyo kwa onse, atagwira pakamwa.

Mayi wa tiyi anadzisasa fumbi, naimirira pamaso pa amuna anga.

"Mwana wanga, ine pampanda pano ndakalambirapo. Tiyi amene ndimakugulitsani si tulo. Ndimakuonani mukubwera ndi nkhope zosalala, pakutha pa chaka mukuyankhula ndi matayala. Ena ndimangomva kuti uja wokonda shuga wambiri sabweranso. Mumati makina akuti mwagona. Makinawo ali ndi mkazi? Ali ndi mwana? Lero Mulungu anandiika pafupi. Kumene ukupita usiku uno kulibe mayi wa tiyi, kuli ana a eni ake m'mabasi. Ngati sudzimvera chisoni, amvere iwowo."

Hutala inalira kumchira kwa mzere. Amuna anga anaimirira, anakwera m'thiraki, kontena ili kukhwapa. Ndinkawaona pachitseko chotsegula. Anayang'ana kamakinako nthawi yaitali. Kenako anatambasula chala n'kudina. Kabedi kanazima, kawotchi kanayaka.

Anatsikanso ndi pepala la katundu, anapita kwa mlonda wa pageti n'kumupempha kuti alembepo nthawi imene anafika dzulo. Mlondayo anawayang'ana modabwa, anati atsopano sapempha zimenezo, koma anatsegula buku lake, anakopera nthawiyo n'kudindapo.

Wailesi anawathamangira. Anawanong'oneza kuti adinenso kabedi msanga a kuofesi asanaone, kuti angotsala masabata ochepa akhazikitsidwe, kuti iyeyo ndiye wolakwa poliza hutala ndipo apepesa mpaka chaka chamawa. Asanamalize, foni inalira. Makina aja amatumiza zonse kuofesi nthawi yomweyo.

Anali a Mawa. Ndinaima pafupi, mawu awo ofewa ndinkawamva bwinobwino. Anafunsa ngati chala chaterereka.

"Sichinaterereke, bwana. Chifikireni dzulo sindinagone. Ndikudikira."

A Mawa anati palibe vuto, munthu wotopa sakakamizidwa. Akapakira akasiye thiraki kudepoti, akawaone kuofesi. Ulendo wautali uja aupereka kwa wina amene wapuma mokwanira.

Foni ya Wailesi inalira tisanachoke pamenepo. Anayankha kuti inde bwana, inde bwana, chabwino bwana. Atadula sanatiyang'ane.

5. Kuofesi

Madzulo a tsikulo ndinakhala pabenchi la kudepoti, panja pa ofesi ya a Mawa. Pabenchipo panali madalaivala awiri amene anandisunthira malo osafunsa kanthu. Windo linali lotsegula.

A Mawa sanakalipe. Anawapatsa amuna anga mpando. Anati makina akusonyeza kuti chiyambireni ntchito akhala akugona bwino pamzere uliwonse, ndiye lero akudabwa kumva zina. Amuna anga anati ndi mmene anaphunzitsidwira.

"Anakuphunzitsani ndani?"

"Inuyo, bwana. Sabata yoyamba."

"Muli ndi kalata yake?"

Amuna anga anati alibe.

A Mawa anapitiriza modekha. Anati nkhani ili pawiri. Ngati amuna anga ankagonadi, ndiye za lero ndi chala choterereka, ndipo zimachitika. Ngati sankagona, ndiye kuti akhala akunamiza makina miyezi yonseyi, ndipo dalaivala wotero amalandidwa laisensi, osati ntchito yokha. Iwo monga kholo sakufuna zifike kumeneko. Mawa ofesi ikamatsegulidwa abwere ndi khadi lawo, kalaliki alikonze, asaine kuti anadina molakwitsa, ndipo masana apatsidwa ulendo wina. Akapanda kubwera, iwo alembera kulikulu la kampani zimene dalaivalayo wavomera ndi pakamwa pake.

Amuna anga anafunsa za malipiro a maola amene adikira kufakitale.

"Zimenezo tikambirana mawa," anatero a Mawa.

Mmodzi wa apabenchi aja anaseka chamumtima, napukusa mutu.

6. Kushedi

Sitinalunjike kunyumba. Amuna anga anakhotera okha kushedi kwa a Rivesi, ine pambuyo.

Tinawapeza akumiza chubu m'beseni la madzi, kufunafuna pobooka. Anamvetsera nkhani yonse manja ali m'madzi. Nditafika pa za kontena, anatulutsa manja, anapukuta, napempha kuti amunyamule Kachiwala. Sananene kuti ndinakuuzani. Anandipatsa tayala loti ndikhalire.

"Apongozi, pepani. Mphwanga, tsono mvera, ndipo ulendo uno usayang'ane yunifolomu. Maola amene thiraki imaima pageti la fakitale, kampani imalipiritsa fakitale. Amawerengera buku la mlonda. Ndalama imeneyo imabwera, ndipo gawo lina ndi la dalaivala amene anadikira. Koma makina akati dalaivala anali m'tulo, gawo lakelo limasowa mwini. Kumene limathera, ine sindinaone, sindinena. Chimene ndikudziwa n'chakuti kulikulu amaona maulendo akufulumira, amasangalala, safunsa. Pepala lako la lero lili ndi chidindo cha mlonda, khadi lako lili ndi kabedi pa maola omwewo. Ziwirizo zikakhala patebulo limodzi, wina ayenera kufunsa. Ukapereka khadi mawa, umboniwo watha. Ukasaina, wavomera kuti pamzere umagona, ndipo uzidina kabedi mpaka tsiku limene adzakutole. Kumzinda waukulu, msewu umodzi ndi likulu, kuli ofesi ya bungwe la madalaivala. Ukayambire kumeneko, akupatse munthu wolowa naye. Ukafike kalata ya bwana wakoyo isanafike, chifukwa woyamba kuyankhula ndi amene amamvedwa. Koma ndisakunamize. Khadi limenelo likakutsutsa iwenso. Ukayambe ndi kudzinenera wekha. Akhoza kukumvera, akhozanso kukulanda laisensi. Ine sindingakulonjeze."

Anatinso basi yoyamba ya kumzindako imanyamuka kusanache, ndipo ndi yokhayo imene imafika maofesi akutsegulidwa.

Panjira yobwerera ndinayankhula ndine. Ndinati laisensi imeneyo tinaivutikira, mayi anga anagulitsa makina awo osokera kuti sukulu yoyendetsa ithe. Ndinati eni nyumba moni wawo ndi wa mwezi umodzi. Ndinati mwina angosaina, apirire masabata otsalawo, azimwa tiyi wambiri, ine sindidzapitanso kumzere. Kenako ndinati asasaine. Kenako ndinati sindikudziwa. Phewa linali litayamba kutupa, ndipo mwana ndinamusunthira mbali inayo.

Amuna anga anangoyendabe. Kontena yophwanyika ija inali idakali m'manja mwawo.

7. Wailesi

Dzuwa likulowa ndinaika chakudya patebulo, koma palibe anachikhudza. Khadi ndi pepala la chidindo zinali pafupi ndi mbale. Amuna anga anazisuntha uku, anazisunthanso uko. Anafunsa ngati malaya awo oyera ali ochapa, kenako anati ndisavutike, kuofesi kwa a Mawa yunifolomu ikwana.

Ndinamva mawuwo, ndinadziwa kuti akufuna kukasaina. Ndinali nditapempha ndekha.

Kenako anatenga foni kuti amve ngati Wailesi wanyamuka bwino. Anaika pokweza mawu. Inaitana nthawi yaitali.

"Aise, uli pati?"

"Panjira."

Kumbuyo kwa mawuwo kunkamveka injini. Tinadikira kuti apitirize. Wailesi amene timamudziwa akanatiuza za wapolisi wa pamsewu, za mtengo wa nthochi, za mtsikana amene wamubayibitsa. Sananene kanthu.

Amuna anga anayesa kumuseketsa. Anati alamu ake akufuna kontena yatsopano, ya zipinda ziwiri. Iye anati, "Ee." Anamufunsa ngati wadya. Anati, "Ee." Anamufunsa dzina la malo amene wangodutsa. Panapita nthawi, injini yokha ikulira.

"Wailesi."

Chete.

"Wailesi, ndiyankhe."

"Ndilipo," anatero, mawu ake ngati ochokera pansi pa madzi. "Ndimaona ngati mzere waima."

Amuna anga anaimirira, mpando n'kugwa. Anamupempha kuti aime, apatuke paliponse pamene pali malo, azimitse injini, adine chilichonse chimene akufuna koma agone. Anamutchula mayi ake. Anamukumbutsa kuti pamzere paja anafika limodzi, ndipo usiku wonse ankaimbirana hutala.

"Makina akuti ndagona, aise," anatero Wailesi. "Ndikaima ndinena kuti chiyani?"

Ndinalanda foni. Ndinati alamu, ndine, amene munandipatsa moni masana. Ndinati sindinakwiye, koma ngati akufuna kupepesa, apepese poima. Anapuma mwamphamvu. Anati kutsogolo kuli pomwetsera mafuta, aona akafika, mwina.

Mawu anayamba kudukaduka, kenako foni inaduka. Tinaimbanso. Inati nambalayo sikupezeka. Amuna anga anati msewu umenewo uli ndi mapiri, netiweki imavuta. Ananena kawiri, ngati akuuza khoma. Anaimbira a Mawa kuti amuimitse. Foni yawo inali yozima.

Anadzutsa mpando uja, anakhala. Kachiwala anakwawa n'kugwira mwendo wawo wakumanzere, kuyesa kuimirira. Anamuyang'ana mpaka ataimirira.

"Mayi a Kachiwala, ndikasaina mawa, masana andipatsa ulendo. Mkucha muzidzaimba foni ngati mmene taimbiramu." Anatenga khadi ndi pepala, naziika m'thumba la jekete. "Ndikwera basi yoyamba. Ngati laisensi ikatsale komweko, mundikhululukire. Mukawauzenso amayi."

Ndinafuna kufunsa kuti tidzadya chiyani. Koma ndinapita pachingwe, ndinatenga malaya oyera, ndinaika makala m'simbi.

Iwo anakhala pamphepete pa matiresi, foni ili m'manja, nsapato zili kuphazi. Anati sagona, angachedwe basi, ndiponso Wailesi akhoza kuimba.

Ndinagwada n'kuwamasula zingwe za nsapato, yakumanja, kenako yakumanzere. Ndinawalanda foni n'kuiika m'thumba la diresi langa.

"Akaimba ndiyankha ndine. Nthawi ya basi ikakwana ndikudzutsani ndine. Inu gonani. Pano palibe mzere."